Munthu Amene Amalume Anamuvuula ndi Nthenga

Amalume anga, a Jotham Crandall, anayamba kulemba buku tsitsi litayera kale, m'chaka chimene chifuwa chinawalanda mawu. Zisanatero, palibe munthu m'tauni yathu ya Menasset akanaganiza zoti dzanja limene lija lingagwire nthenga yolembera. Zala zawo zinali zonenepa ngati zingwe za nangula, ndipo chikhatho chinauma gwa chifukwa chokankha singano yosokera matanga.

Anabadwira mommuno, m'kanyumba ka kuseri kwa doko, bambo awo ali msodzi wosauka. Anakwera chombo chosaka anamgumi ndevu zisanamere, ndipo theka la moyo wawo linathera pa nyanja zakutali, kumene ulendo umodzi umadya zaka. Ulendo wotsiriza anabwerako atagona pa thabwa. Namondwe anadula zingwe zomangira migolo ya mafuta, mgolo wina n'kuwaphwanya mwendo. Namondwe yemweyo ndi amene anatenga mnzawo wapamtima, a Abner Sprague, mmisiri wa migolo, amene ankayesa kuimanganso. Funde linawakokolola pamodzi ndi migolo ingapo, ndipo amalume, ali chigonere osatha kudzuka, anawaona akukweza dzanja kamodzi n'kumira. Chombo chitafika kwathu, amalume anakana kupita kunyumba. Anauza owanyamula kuti ayambe apita nawo pakhomo pa Mayi Tryphena Sprague kuti uthengawo akaunene okha.

Mwendo unapola mokhota, ndipo panyanja sanabwererenso. Anatenga chipinda cha pamwamba pa sitolo ya zingwe n'kuyamba kusoka matanga a anthu ena. Iwo ndi akazi awo, azakhali a Keziah, analibe mwana, choncho mayi anga, amene anali mlongo wawo wa amalume, atamwalira, ananditenga ine. Anandilipirira sukulu ya atsikana ya paphiri, kumene amaphunzitsa kulemba mokongola ndi kukhala chete. Chachiwiricho ndinali nacho kale ndisanapite kumeneko.

M'chipinda chosokeramo simunkatha anthu. Amalinyero opuma ankakwera makwerero n'kukhala pa mipukutu ya nsalu, kaliwo ali kukamwa, kumvetsera amalume akusoka uku akusimba za kunyanja. Onse ankadziwa kuti nkhanizo n'zothira mchere, ndipo mcherewo ndi umene ankaulondola. Tsiku lina ndinamva mkulu wina akuti, "Jotham, namgumi ameneyu chaka chatha anali wofanana ndi chombo. Lero wafanana ndi tchalitchi?"

Amalume sanakweze n'komwe mutu. Anati, "Namgumi amakula, mbale wanga. Wosakula ndiwe wekha."

Kenaka kunabwera chisanu choopsa chija. Doko linaundana, zombo zinaima, amalume n'kugwidwa ndi chifuwa chimene chinawagoneka mpaka chaka chitatembenuka. Podzuka, mawu anali atapita. Ankangonong'ona, ngati mphepo yolowera pa mng'alu wa chitseko. Anzawo aja anabwera kangapo, n'kukhala duu kuyang'ana singano ikulowa ndi kutuluka, kenaka mmodzimmodzi anasamukira kumalo omwera mowa kumene kunali moto ndi phokoso. Amalume anasanduka munthu wovuta. Nyemba zapsereza, buledi wa chimanga wauma, mphaka akuwayang'ana mwachipongwe. Azakhali ankati nkhani zija zasowa potulukira, ndipo zikuwasasira m'mimba ngati madzi a maapozi otsekeredwa mumgolo.

Masana ena anandiitana n'kundipatsa nthenga ya tsekwe ndi mpeni kuti ndiisongole. Sananene chifukwa. Anasesa thebulo lodulirapo nsalu, n'kuyamba kulemba ataimirira, poti mwendo uja unkawawa akakhala nthawi yaitali. Mawu ankawalemba monga momwe amamvekera m'khutu, opanda popumira, mizere ikutsetsereka ngati ili pa chombo chopendekeka. Ntchito yanga inali kukopera pa pepala labwino. Ankandilola kukonza zilembo zokha. Kamodzi ndinafewetsako mawu ena achipongwe amene kaputeni wa m'nkhanimo ananena, ndipo mawa lake ndinapeza pepalalo litabooledwa ndi singano pamalo penipenipo.

Nkhaniyo inali ya mmisiri wa migolo amene anamutcha Silas. Namondwe amukokolola pa chombo, anzake n'kumulira kuti wamira, koma iye wakangamira mgolo wopanda kanthu umene ukumuyandamitsa mpaka pa chilumba chakutali. Anthu a kumeneko amudyetsa, aseka nsapato zake, iye n'kuyamba kukhoma bwato ndi matabwa a migolo yosweka kuti abwerere kwawo. Silas anali ndi chipsera cha moto pa dzanja lamanzere, chooneka ngati kansomba, ndipo pogwira ntchito ankaimba mluzu nyimbo imodzimodzi ya kutchalitchi, moiphonya pamalo pamodzimodzi. Ine ndinali wamng'ono pamene a Abner ankamira, choncho sindinadziwe mwini wake wa chipseracho. Amalume ankadziwa. Anandiuza pambuyo pake kuti kwa zaka zonsezo, akatseka maso, ankaona dzanja lija likumira mgolo ukuyandama chapafupi pomwepo, ndipo mtima wawo unkangofunsa kuti, akanaugwira bwanji?

Madzi oundana atayamba kusweka padoko, anatenga mitu yoyambirira kupita nayo kwa a Zadock Pettibone, amene amasindikiza nyuzipepala yathu ya mlungu ndi mlungu. Ine ndinapita nawo kuti ndizikabwereza mawu awo pamene sakumveka. A Pettibone anawerenga ataimirira, manja ali bii ndi inki, ndipo atafika pa namondwe anaiwala kuti tilipo. Koma atamaliza anapukusa mutu. Anati nkhani zopeka anthu amagula zochokera ku England, za mabwana okhala m'nyumba zamiyala, ndipo ngakhale zimenezo atsikana amaziwerenga mobisa chifukwa abusa amazidzudzula pa gome. Nanga nkhani yopeka ya munthu amene aliyense amamuona akugula sopo? Anati aisindikiza pokhapokha pamwamba pake palembedwe kuti ndi nkhani yoona, yosimbidwa ndi mmalinyero wakale wa m'tauni muno. Aliyense amatero, anatero iwo.

Amalume ananong'ona kuti si yoona.

A Pettibone anaseka. "Nyanja ilipo, Jotham? Ilipo. Namondwe aliko? Mwendo wakowo ndi mboni. Zilumba ziliko? Ndiye chabodza chatsala n'chiyani, nsapato?"

Amalume anayang'ana timabokosi ta zilembo zamtovu kwa nthawi, ndipo ndinaona kuti agonja kale. Anagwedeza mutu kuvomera.

Nkhaniyo inayamba kutuluka chigawo chimodzi pa mlungu, ndipo tauni inatekeseka. Ankaiwerenga mokweza m'sitolo, amuna n'kumakangana ngati mgolo ungasenze munthu masiku ambiri chotero. Anzawo a amalume anayambanso kukwera makwerero aja kudzafunsa ngati bwato la Silas lidzayandame. Amalume ankangomwetulira n'kuloza pakhosi pawo. Ngakhale kutsimphina kwawo kunasintha.

Kwathu kuno nyumba zambiri zili ndi zosindikizidwa zitatu basi: Baibulo, kabuku kamene kamanena za mwezi ndi mafunde, ndi nyuzipepala. Munthu akhoza kunama ndi pakamwa tsiku lonse, ife n'kumuseka n'kumuthirira tiyi wina. Koma zilembo zakuda zoima pamzere timazipatsa ulemu umene timapatsa munthu wolumbira. Amalume anakulira momwemo, komabe sanaganizepo za ngozi yake. Ine ndinapita kusukulu, komabe sindinaganizepo.

Nthawi imeneyo n'kuti Mayi Sprague atavomera kukwatiwa ndi a Elnathan Hotchkiss, mwini chigayo cha pamtsinje, bambo wofatsa amene anafedwa mkazi kalekale. Anawafunsira kwa zaka, powasiyira thumba la ufa pakhomo osanena kanthu. Pepala lolengeza ukwati wawo linali litakhomedwa pa chitseko cha tchalitchi, monga mwa mwambo, kuti wodziwa cholepheretsa anene. Lamulungu lotsatira chigawo chimene chinatchula chipsera chija, Mayi Sprague anafika anthu akulowa, n'kulizula pepalalo ndi manja awo, n'kulipinda bwinobwino, n'kubwerera kwawo osalowa. A Hotchkiss anatsala ataima pamakwerero, chipewa chili m'manja.

Lolemba m'mawa mayiwo anakwera kuchipinda chosokera, nyuzipepala ili m'manja. Ine ndinali pakona ndikukopera. Sanandione, kapena sanasamale.

Anati, "Bambo Crandall, munagona pa thabwa pakhomo panga n'kundiuza kuti Abner munamuona akumira."

Amalume ananong'ona kuti anamuonadi.

"Nanga uyu wa kansomba pa dzanja ndi ndani? Chipsera chimenechi ndinachimanga ndine, atapsa ndi chitsulo cha mgolo. Nyimbo imeneyi ndinaimva m'nyumba mwanga mpaka kutopa nayo. Ndi ndani?"

Amalume anayesa kufotokoza. Anati Silas kulibe, chilumba kulibe, anangobwereka chipsera ndi mluzu chifukwa anali kumusowa mnzawo. Mayiwo anawerama kuti amve, ndipo atamva anaongoka n'kugogoda ndi chala pamwamba pa tsamba, pamene panali mawu aja oti nkhani yoona.

"Pakamwa munthu amanena zomupulumutsa. Izi zasindikizidwa. Munamuona akuyandama, inu ndi kaputeni wanu, osatembenuza chombo. Tsopano mwakalamba, chikumbumtima chakulembetsani. Sindikukuimbani mlandu, Mulungu aweruza. Koma ine ndili ndi mwamuna wamoyo, ndipo ndimudikira."

Kuyambira tsiku limenelo anavula mpango wakuda umene ankafunda popita kutchalitchi. Chombo chilichonse chikamalowa, iwo anali ataima kumapeto kwa doko, kufunsa amalinyero ngati anadutsa chilumba cha anthu osavala nsapato. Ena ankawayankha mwachifundo kuti mwina, ndipo mwina ameneyo ankawakwanira mlungu wathunthu.

Kunyumba kunalibe mtendere. Azakhali ali ndi mawu amene amamveka kuchokera pakhomo pathu mpaka padoko, ndipo mlungu umenewo anawagwiritsa ntchito onse. Anati, "Bambo Crandall, amuna anzanu amaphwanya mabanja ndi mowa. Inu mwaphwanya ndi nthenga ya tsekwe. Tengani mapepala anuwo muyatsire moto, apindulitseko munthu kamodzi." Amalume ankangodya nsomba yawo yamchere.

A Hotchkiss nawo anabwera, ali mbuu ndi ufa. Sanakalipe. Anakhala pa mpukutu wa nsalu nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati munthuyo ali moyo kapena ayi. Amalume ananong'ona kuti anafa. A Hotchkiss anati iwo akukhulupirira, koma chikhulupiriro chawo sichingakwatitse munthu, ndipo anatsika makwerero pang'onopang'ono, kusiya ufa pamene anakhala.

Amalume anapitanso kwa a Pettibone kukapempha kuti asindikize mawu ochepa onena kuti nkhaniyo ndi yopeka. A Pettibone anakana kwamtuwagalu. Anati akatero ndiye kuti nyuzipepala yawo yanamiza tauni yonse, ndipo ndani adzakhulupirirenso mitengo ya mafuta kapena mayina a zombo zimene zasweka? Madzi akatayika saoleka. Koma anali ndi nzeru ina, ndipo anaifotokoza mosangalala ngati munthu wopereka mphatso.

"Umuphe Silas wakoyo. Mlungu wamawa adwale malungo, kapena bwato lakelo limire. Anthu a pachilumba amuike m'manda mwaulemu, ulembe kuti uthenga unaumva kwa chombo china. Mayiyo alira, akwatiwa. Iwe sunaname, ine sindinaname, ndipo akazi onse a m'tauni agula pepalalo kuti alire nawo."

Tili m'njira ndinawauza amalume kuti nzeruyo ndaiona ngati yabwino. Tsiku lotsatira anaima pa thebulo lawo kuyambira m'mawa, ndipo ndinaona akulemba malungo aja. Anafika pamene Silas wagona m'kanyumba ka masamba, thupi likutentha. Kenaka nthenga inaima. Inki inauma, anaiviikanso, inaumanso. Dzuwa litapendeka anatenga pepalalo n'kulipsinya, n'kundiitana ndi chala kuti ndisendere pafupi.

Anati, "Philura, ndikatero mayi uja adzafa akukhulupirira kuti mwamuna wake anakhala zaka akuyang'ana panyanja, iye ali kuno akulandira ufa wa Elnathan. Abner sanavutike chotero. Anamira msanga. Ndinamuona akufa kamodzi, sindimupha kachiwiri kuti Zadock agulitse pepala."

Ndinafunsa kuti nanga achita chiyani, poti pakamwa pawo mayiwo sapakhulupirira, ndipo zilembo ndi za a Pettibone. Anati pali pakamwa pamodzi pamene tauni ino imakhulupirira kuposa zilembo.

Mumpingo mwathu, munthu amene wachimwa poyera amaima m'kanjira ka pakati pa mipando Lamulungu, pamaso pa onse, n'kuvomereza tchimo lake dzanja lili pa Baibulo. Nthawi zambiri amakhala oledzera, kapena achinyamata amene mwana wawo wabadwa msanga. Palibe amene amapita yekha, amachita kuitanidwa. Amalume anapita okha kwa abusa. Abusa anawalandira bwino, n'kunena kuti kulapa koona kuyenera kufika pa muzu, ndipo muzu wake ndi bukulo. Amalume anati za muzu akanena ali m'kanjira.

Lamulungu limenelo tchalitchi chinadzaza mpaka pakhonde la m'mwamba, poti mbiri inali itayenda. Mayi Sprague anakhala pamalo pawo, msana uli chilili. Ulaliki utatha, amalume anadzuka n'kutsimphina mpaka pakati. Mkulu wampingo anawagwirira Baibulo, iwo n'kuikapo dzanja lawo lokhakhala lija, n'kutsegula pakamwa.

Sipanamveke kanthu. Milomo inkayenda, koma okhala pafupi okha ndi amene ankatola liwu limodzi apa, lina apo. Kumbuyo anthu anayamba kufunsana kuti akuti chiyani. Abusa anati ngati m'baleyu walemba mawu ake, iwo awerenga m'malo mwake. Amalume anapukusa mutu mwamphamvu. Zolembedwa n'zimene zinabweretsa zonsezi. Anayesanso, mitsempha ya m'khosi itatupa, ndipo chimene chinatuluka ndi chifuwa.

Kwathu mkazi salankhula mumpingo. Ndinamva mpando wathu ukulira, ndipo poyang'ana ndinaona azakhali atatuluka kale m'kanjira. Anakaima pambali pa amuna awo, n'kutchera khutu pakamwa pawo, n'kuongoka. Abusa anakweza dzanja, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo anagunda khoma lakumbuyo.

"Akuti mawu aja oti nkhani yoona anavomera okha, palibe anawagwira dzanja. Akuti limenelo ndi bodza, ndipo alivomereza pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu."

Anaweramanso.

"Akuti Abner Sprague anamira tsiku la namondwe, iwo akuona. Akuti mgolo unalipo, koma sanaufike. Anakweza dzanja lamanzere kamodzi, funde n'kumuphimba, ndipo sanatulukenso. Chombo chinazungulira pamalopo mpaka mdima. Akuti chilumba kulibe, Silas kulibe. Akuti chipsera anaba, ndipo sichinali chawo kuti achibe. Akupepesa kwa mwini wake."

Abusa anaona kuti kuletsa kwachedwa, choncho anangofunsa funso lawo: kodi m'baleyu akulonjeza kusiya bukulo ndi kutentha zimene walemba? Amalume ananong'ona mawu ochepa. Azakhali anawayang'ana nthawi yaitali, monga amayang'anira nsomba imene akuikayikira pamsika. Kenaka anatembenukira kugome.

"Akuti ayi. Akuti tchimo lawo ndi kutcha chopeka choona. Chopekacho achimaliza, ndipo achitcha dzina lake lenileni." Anapuma pang'ono. "Amenewo ndi mawu awo, abusa. Anga ndikawauza kunyumba."

Wina pakhonde la m'mwamba anatsamwa ndi chiseko. Akulu ampingo anakumana tsiku lomwelo n'kugamula kuti amalume asadyenso mgonero wa Ambuye mpaka atasiya ntchito yopeka nkhani. Mayi Sprague anatuluka osayang'ana munthu. Mawa lake anali kumapeto kwa doko monga kale.

Koma a Pettibone sakanatha kusiya nkhani imene tauni yonse inali kuikamba, ndiponso ankafuna kuoneka kuti ali mbali ya mpingo. Nyuzipepala ya mlungu umenewo inatuluka yopanda Silas. M'malo mwake munali chigamulo cha akulu ampingo, ndi mawu aukali onena kuti nyuzipepalayi inanamizidwa ndi wosoka matanga wina, amene wavomereza molumbira kuti nkhani yake ndi yopeka ndi kuti malemu Abner Sprague anamiradi. Za yemwe anayambitsa mawu oti nkhani yoona sanatchulepo.

Ndinawaona Mayi Sprague akuwerenga ataima pakhomo pa sitolo. Anayendetsa chala pansi pa mzere uliwonse, mpaka kumapeto, n'kubwereranso pa dzina la amuna awo. Kenaka anapinda pepalalo n'kulowera kwawo, osati kudoko. Lamulungu lotsatira anabwera atafunda mpango wakuda uja. Anaufunda mpaka maapozi atachita maluwa, ngati munthu wofedwa dzulo, ndipo a Hotchkiss anapitiriza kusiya ufa pakhomo osanena kanthu. Chilimwe chili mkati, pepala lina linakhomedwa pa chitseko cha tchalitchi, ndipo ili palibe analizula.

Amalume anadula mawu aukali a a Pettibone aja n'kuwakhoma ndi singano pa nsanamira ya m'chipinda chosokera. Ankati pa zonse zimene Zadock anasindikiza m'moyo wake, zothandiza ndi zimenezo.

Ntchito inachepa. Eni zombo ena anayamba kutumiza matanga awo kwina, poti sankafuna kuti anthu aziti amasoketsa kwa munthu woletsedwa mgonero. Anzawo aja sanakwerenso makwerero. Anali okonzeka kumva bodza la pakamwa, koma ankaona ngati la pa pepala linawapusitsa. Amalume ankasoka zimene zabwera, n'kusesa thebulo, n'kulemba. Anayambiranso pachiyambi. Anachotsa chipsera, anachotsa mluzu, anamusandutsa Silas munthu wamfupi wachibwibwi amene sindinamuonepo m'tauni muno. Azakhali mawu awo aja anawanenadi kunyumba, kwa masiku angapo. Atatha, anayamba kutola nthenga za atsekwe a anansi n'kumazisiya pa thebulo, ngati zagwera pomwepo zokha.

Masamba atayamba kufiira, buku linatha. Amalume analikulunga mu nsalu ya thanga yopaka phula, n'kukwera chombo chonyamula mafuta kupita ku New York. Anakakhala nthawi yaitali kuposa mmene tinkaganizira. Atabwera anatiuza kuti anatsimphina khomo ndi khomo. Osindikiza ena ankafuna alembe kuti ndi nkhani yoona. Ena ankafuna achotse dzina lawo, aziti walemba bwana wina wa ku England. Wina anawafunsa ngati Silas sangapezeke kuti ndi mwana wotayika wa munthu wolemera. Onsewo ankawayankha ndi chala, poloza tsamba loyamba pamene ine ndinakopera mawu awo: nkhani yopeka, yolembedwa ndi Jotham Crandall, wosoka matanga wa ku Menasset. Potsiriza anapeza mkulu wina wosindikizira m'chipinda chapansi, amene anavomera chifukwa naye anali mmalinyero paunyamata. Mabuku anatuluka ochepa, pa pepala lotuwa, zilembo zina zitagwa chagada. Koma tsamba loyamba linali monga analifunira.

Buku loyamba kutuluka m'bokosi sanalipereke kwa azakhali kapena kwa ine. Anavala jekete la Lamulungu, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze kuchigayo. Mayi Hotchkiss, monga ankatchedwa tsopano, anali asanalankhule nawo chichokereni tsiku lija m'chipinda chosokera. Anatsegula chitseko manja ali ndi ufa, n'kuyang'ana bukulo osalilandira. Amalume anatsegula tsamba loyamba n'kuwaonetsa. Mayiwo anawerenga, milomo ikuyenda.

Kenaka anafunsa, "Anafika kwawo?"

Amalume anagwedeza mutu kuti anafika.

"Anapeza mkazi wake atakwatiwa?"

Amalume anasendera pafupi kuti amveke okha, popanda ine kubwereza. Anati, "Ndinamuchotsera mkazi, Mayi Hotchkiss, pamodzi ndi chipsera. Womudikira ndi mlongo wake wolongolola basi."

Kumbuyo kwa mayiwo mwala wa chigayo unkazungulira. Kenaka anapukuta manja pa nsalu ya m'chiuno, n'kulandira bukulo ndi nsonga za zala.

Anati, "Ndiye si wanga. Elnathan aziwerenga mphero ikamayenda. Ine za kunyanja ndinamva zokwanira." Anafuna kutseka chitseko, koma anaima. "Mlongo wolongololayo Keziah wamuona?"

Amalume anati sanamuone.

"Musachedwe kukonza pothawira, Bambo Crandall."

Mpaka lero amalume mgonero sadya. Lamulungu la mgonero amakhala pamalo pawo, manja ali pa maondo, mbale n'kuwadutsa kupita kwa azakhali. Abusa amawafunsa chaka ndi chaka ngati asintha maganizo, iwo n'kuwanong'oneza mwaulemu kuti ali pakati pa mutu wina. Tsiku limene tinachokera kuchigayo lija, titangokwera makwerero a chipinda chosokera, anavula jekete lija, n'kusesa thebulo, n'kusankha nthenga imodzi pa zimene azakhali anasiya. Anaiyang'ana kudzuwa, n'kundipatsa pamodzi ndi mpeni.